Bambo Anga Sanachedwe ku Nkhondo

Ine Harlan Bixby, amene ndinayamba ndi dengu la mazira pa njinga yobwereka koma lero ndili ndi mashopu a matayala asanu ndi awiri mu Vermont muno, ndagonjapo kamodzi kokha m'moyo wanga, ndipo wondigonjetsayo anali nkhalamba yogwira choko. Munali mu Okutobala 1968, tsiku limene ndinawoloka msewu wa m'malire kupita tsidya la Canada kukauza a Murdo Beaton, mmisiri wosema ziliza, mawu oti azokote pa chiliza cha malemu bambo anga.

"Odi, madala! Mwala wanga uja wafika?"

"Mwaukhalira," anatero a Murdo, osadzutsa mutu.

Ndinaimirira n'kusasa thalauza langa la ku London.

"Ndi umenewu? Eee, koma ndiye mwala! Ku Paris ndinaonako wotere, koma unali wa mkulu wa asilikali. Tamverani tsono. Pa 11 Novembala nkhondo yoyamba ya padziko lonse ikukwanitsa zaka makumi asanu chithere. Kumanda kudzakhala bandi, abusa, tawuni yonse, mbali zonse ziwiri za msewu. Wovundukula nsalu adzakhala amayi anga. Ndikufuna nsalu ikangochoka, zipewa zivuke zokha."

"Mu Novembala zimavuka. Kumanda kuja kulibe mitengo."

"Sindikunena mphepo!"

"Nanga?"

"Mawu, madala, mawu! Tengani choko. Pamwamba: ELWOOD BIXBY. Pansi pake: ANATHETSA NKHONDO. Kenako: 1914 mpaka 1918."

Analemba dzinalo pamwala, chilembo chimodzichimodzi, n'kupachika choko kukhutu.

"Mwaimiranji?"

"Elwood ndinkamudziwa. Mu 1914 ankakama ng'ombe za a Thurber."

"Manja ndiwo ankakama. Mtima unali ku France."

"Ndilembe za mtima?"

"Ayi!"

"Ndilembe za ng'ombe?"

"Madala, ine ndayenda. Ku France ndafika kawiri, ku Belgium ndafika, ku London ndimangolowa ngati kukhitchini kwanga. Mudzi uliwonse kumeneko uli ndi mwala wa asilikali, ndipo paliponse analemba 1914 mpaka 1918. Ngakhale wanu uwo wa pa positi."

"Umenewo ndinazokota ndine."

"Mwaona! Ndiye kuti dzanja linazolowera kale."

"Umenewo ndi wa Canada. Ife tinalowa mu 1914. Inu a ku America munalowa mu Epulo 1917."

"Nkhondo yake ndi imodzi."

"Ndi imodzi. Koma munachedwa."

Ndinavula chipewa n'kuchiika pamwala, kuti manja onse awiri andithandize kulankhula.

"A Murdo, America sichedwa. America imafika pa nthawi yake."

"Nthawi yake inali 1914."

"Inali nthawi yanu imeneyo! Tikanalowa mu 1914, bwenzi titathera m'matope momwemo pamodzi ndi inu nonse. Tikanadikira mpaka 1919, bwenzi titapeza Ajeremani akudya nkhomaliro ku Paris. Ife tinalowa pakati penipeni. A ku Russia n'kuti akusiya, Afalansa atatopa, Angerezi anyamata atawathera. Ajeremani anasonkhanitsa zonse zimene anali nazo kuti amalize ntchito ife tisanachuluke. Pamenepo, pho! Sitima zathu."

"Sitima sizilira pho."

"Ndikupereka chitsanzo! Chabwino, china. Galimoto yatitimira m'matope. Amuna asanu akukankha chiyambire m'mawa."

"Galimoto ya ndani?"

"Ya aliyense!"

"Yatitimira pati? Ngati ndi pa mlatho wa kwa Thurber, asakankhe. Atumize hatchi."

"Palibe galimoto yatitimira!"

"Nanga akukankha chiyani?"

Ndinapuma mozama, monga anandiphunzitsira dokotala wina wa ku Boston.

"Ndikuti akankha mpaka madzulo, alefuka. Kenako pakufika munthu wachisanu ndi chimodzi, wakudya bwino, nsapato zouma. Akuika phewa, galimoto n'kutuluka. Waitulutsa ndani?"

"Onse asanu ndi mmodzi."

"Wakumapetoyo!"

"M'mawa monsemo anali kuti?"

"Anali pafupi. Ankaonetsetsa."

"Osagwirako?"

"Ankawagulitsa mafosholo. Bizinesi, madala. Inu simungamvetse."

A Murdo anachotsa fumbi pa chilembo cha B ndi chala chachikulu.

"Ine ndinakankhako," anatero. "Kuyambira mu 1915."

"Inu?"

"Galimoto sindinaione. Ndinaona matope, nsabwe ndi makoswe. Anzanga amene ndinanyamuka nawo ndi aja ali pa mwala wa pa positi."

Ndinafuna kuvula chipewa, koma ndinali nditavula kale. Ndiye ndinachivala, n'kuchivulanso.

"Pepani, madala. Ulemu wanu. Komatu mukuvomereza kuti popanda ife—"

"Mlamu wanga amati mukanapanda kubwera n'komwe, onse akanatopa n'kugwirana chanza, ndipo nkhondo yachiwiri ija sikanabadwa."

"Mlamu wanu anayendapo?"

"Anafika ku Montreal."

"Ndiye akhale chete. Yachiwiri ijanso tinaithetsa ndife."

"Ife tinalowa mu 1939. Inu mu Disembala 1941."

"Ndiye?"

"Koyamba zinatsala pang'ono kukwana zaka zitatu. Kachiwiri ziwiri ndi kanthu. Mukuyesetsa."

"Musandiseke, a Murdo. Yachiwiriyo ndinavala yunifolomu ine amene!"

"Munapita kuti?"

"Ku Texas."

"Ajeremani anafika ku Texas?"

"Sanafike. Chifukwa cha ndani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyembekezadi kuti nditchule dzina.

"Chabwino," ndinatero. "Ine si munthu wamakani, aliyense akudziwa. Siyani 1914. Lembani 1917."

"Pepala lili kuti?"

"Pepala lanji?"

"La ku usilikali. Ine deti sindizokota ndisanaone pepala. Ndikalakwitsa, mwala wonse wawonongeka."

Pepalalo ndinali nalo m'thumba la jekete. Ndinali nditalipinda mwaluso kuti pazioneka dzina ndi chidindo basi. Ndinawaonetsa chapatali, monga ndimachitira ndi pasipoti pa mabwalo a ndege. Iwo analilanda, n'kulitambasula lonse pamwala, n'kuvala magalasi.

"Anaitanidwa mu Juni 1918," anawerenga.

"Dumphani pamenepo."

"Anakwera sitima mu Okutobala. Anatsika ku France pa 12 Novembala."

"Mwaona! Ku France!"

"Nkhondo inatha pa 11."

"Ndiye ine ndikuti chiyani? Ajeremani anamva kuti ali m'njira!"

"Anawauza ndani?"

"Anali ndi akazitape anthu aja."

"Akazitape anakanena kuti kukubwera wophika buledi?"

"Wati wophika buledi ndani?"

"Pepala. Apa. Gulu la ophika buledi."

"Msilikali wanjala angamenye nkhondo?"

"Pa 12 panalibe womenya nkhondo."

"Koma anjala analipo!"

"Analipo," anavomereza. "Ndilembe kuti ANATHETSA NJALA?"

"Musalembe!"

Ndinazungulira mwalawo kawiri. Munthu amene anagulitsapo matayala oyendera m'chipale chofewa kwa mlendo wopita ku Florida kotentha kuja sangabwerere chimanjamanja kwa nkhalamba ya choko.

"Pepala ili ndi lolakwika," ndinatero. "Kalaliki wake anali ndi tulo. Mukuwadziwa makalaliki a boma. Bambo anga ananyamuka sabata yomweyo imene America inalowa nkhondo. Epulo 1917. Anasiya ndowa pansi pa ng'ombe."

"Anakuuzani okha?"

"Sankakonda kukamba za nkhondo. Amuna enieni sakamba."

"Kwa ine ankakamba. Ankati ufa wa ku France sutupa bwino."

"Ankabisa! Kudzichepetsa! Ndi khalidwe la kwathu limenelo, inenso ndinatengera."

"Hm."

"Mverani, madala. Mwalawu ndi wanga. Mukakana, ndiukweza pa lole lero lomwe kupita nawo kwa amisiri a ku Barre. Kumeneko safunsa za ng'ombe."

A Murdo anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi epuloni yawo yafumbi, mpaka anada kuposa poyamba.

"Mwala ndi wanu," anatero. "Nenani, ndilemba. Koma musaine papepala langa. Mukasaina, sindisinthanso kanthu. Ndi mmene ndimagwirira ntchito."

"Tsopano mwayamba kulankhula! Lembani: ANACHOKA KWAWO MU EPULO 1917."

Choko chinalira pamwala.

"Pitirizani: SANAPONDENSO PAKHOMO MPAKA JUNI 1919."

"Juni 1919 ndi zoona. Zili papepala. Koma pakatipo sanabwereko ngakhale tsiku limodzi?"

"Ngakhale ola! Munthu akuthetsa nkhondo angamabwere kudzamwa khofi?"

Anakopera mawuwo papepala lawo la ntchito, n'kundipatsa. Ndinasaina ndi cholembera changa chagolide cha ku Switzerland, siginecha yaikulu, ya mchira. Kunena zoona, pa nthawi imeneyo ndinawamvera chisoni. Si aliyense amatha kutsutsana ndi Harlan Bixby.

"Kwatsala m'munsimu," anatero. "Mayina a otsala, monga mwa nthawi zonse?"

"Monga mwa nthawi zonse. Dzina, kubadwa, kamzere, kwinako musiye. LAVINIA, MKAZI WAKE, 1897."

"Kumanja kwa kamzere ndisalembe?"

"Mulembe chiyani? Ali moyo! M'mawa uno andikalipira chifukwa cha tayi."

"Ndimafunsa aliyense. Ena amadziwiratu."

"Pansi pake ine. HARLAN, MWANA WAWO. Zilembo zake zikulepo pang'ono, anthu a kumbuyo asavutike."

"Chaka chokha, kapena ndi mwezi womwe?"

"Zonse! Tsiku limenelo ndi lofunika m'mbiri ya Vermont. Pa 26 Febuluwale 1919."

Analemba. Anabwerera m'mbuyo masitepe awiri n'kuyang'ana pamwamba, kenako m'munsi, kenako pamwambanso. Anaika choko pansi n'kuyamba kupinda zala. Anamaliza manja onse awiri, anayambiranso, anamalizanso, n'kuwonjezera zala ziwiri.

"Makumi awiri ndi iwiri," anatero.

"Chiyani?"

"Miyezi."

"Ya chiyani?"

"Imene Lavinia anakhala ali ndi pakati."

Kunja lole ina inadutsa, matayala ake ogula kwa ine, ndinawazindikira kulira kwake.

"Ng'ombe ndi miyezi isanu ndi inayi," anapitiriza a Murdo. "Hatchi khumi ndi umodzi. Ya makumi awiri ndi iwiri sindinaionepo."

"Njovu," ndinatero.

Pakamwa panayankha pokha. Kuyenda kuli ndi kuipa kwake.

"Njovu?"

"Ku Malaya, kumene amakama mitengo ya mphira. Anandiuza kumeneko."

"Ndilembe njovu?"

"Madala!"

"Ndimangofunsa. Malo alipo pambali pa kamzere."

"Palibe amene adzawerenge miyezi pamanda! Anthu adzakhala akumvera bandi!"

"Azimayi a ku tchalitchi kwanu amawerenga miyezi ya ukwati uliwonse chiyambire ndili mnyamata. A Orpha Thurber adzaima kutsogolo. Amaima kutsogolo maliro alionse."

"Maso awo anafooka."

"Zala sizinafooke."

Ndinakhalanso pamwala paja, thalauza la ku London ndi choko chomwe.

"Akawerenga," anatero a Murdo, "adzabwerera m'mbuyo miyezi isanu ndi inayi. Adzafika mu Meyi 1918. Kenako adzafunsa amuna amene anali m'tawuni muno mu Meyi 1918."

"Munalibe amuna! Onse anali kunkhondo!"

"Athu anali kunkhondo. Anu ambiri anali asananyamuke. Kunali wa positi. Kunali abusa Goodell, asanakwatire. Kunali ine."

"Inu munali ku France!"

"Anandibweza mu Malichi chifukwa cha mwendo uwu."

Ndinayang'ana mphuno yawo. Kenako ndinagwira yanga.

"Musaope," anatero. "Ine ndi Lavinia timangopatsana moni."

"Ndikudziwa!"

"Koma a Orpha sakudziwa."

Ndinawaona amayi anga m'maganizo, atavala chipewa chawo chakuda, akukoka nsalu pamaso pa tawuni yonse, bandi ikuimba, kumbuyo kwawo zala za azimayi makumi atatu zikupindika limodzi. Amayi anga, amene sanalolepo ngakhale wogulitsa inshuwalansi kudutsa pakhonde bambo kulibe.

"Sinthani kubadwa kwanga," ndinatero. "Lembani Januwale 1918."

"Pepala lili kuti?"

"Aaa, inunso!"

"Ndiponso pa ubatizo wanu ndinalipo. Munalira kuposa limba. Munali mu 1919."

"Chabwino, chotsani dzina langa lonse."

"Ndichotsa. Anthu adzafunsa chifukwa chake mwana mmodzi yekhayo sali pa chiliza cha Elwood."

"Ayi, ayi, lisiyeni! Lembani kuti anabwerako ku tchuthi."

"Kuchokera ku France?"

"Anali munthu wachangu."

"Mwasaina kuti sanaponde pakhomo ngakhale ola."

"Sanaponde pakhomo! Analowera pawindo!"

"Ndilembe windo?"

"A Murdo, ndakupembani."

"Ine ndine a Murdo tsopano. Poyamba paja ndinali wokwezedwa pa lole kupita ku Barre."

"Si inu, mwala! Ndimanena mwala!"

"Mwalawo ndi wanu. Mawu ndi anu. Siginecha ndi yanu, ya mchira. Mawa m'mawa ndiyamba kuzokota. Ndimayamba ndi manambala, dzanja lisanatope."

Anatenga nyundo n'kuiika pafupi ndi 1917, mwaulemu, ngati akuika supuni pambali pa mbale.

Ine ndakambiranapo mitengo ndi Afalansa, ndi Ataliyana, ndi mkulu wina wa ku Cairo amene anandigulitsa kapeti yomwe ndinali nditagula kale. Sindinapemphepo munthu chifundo. Tsiku limenelo ndinatola pepala la ku usilikali lija, n'kuliwongola pabondo, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Lembani zimene zili umu."

"Pepala la kalaliki wa tulo lija?"

"Kalaliki ameneyo anali munthu wanzeru. Anali maso kuposa tonsefe."

"Juni 1918?"

"Juni 1918! Meyi yense anali pakhomo, usana ndi usiku, aliyense aone!"

"Kutsika ku France pa 12 Novembala?"

"Pa 12! Ngakhale pa 13 ngati malo alipo!"

"Buledi?"

"Ndi buledi yemwe! Jambulanipo ngati mukufuna!"

"Ndiye kuti sanathetse nkhondo."

"Sanathetse."

"Ajeremani sanamve zoti akubwera."

"Sanamve! Akanamvera kuti? Iwe Murdo, fufuta msanga wina asanalowe!"

"Iwe Harlan," anatero modekha, "mzere wa pansi pa dzinawu utsala wopanda kanthu. Sanathetse nkhondo. Nanga anatani?"

"Anafika."

"Anafika liti?"

"Itatha."

"Munthu wofika zinthu zitatha amakhala atatani?"

Ndinayang'ana kudenga. Ndinayang'ana nyundo. Ndinawaonanso a Orpha Thurber akupinda chala cha makumi awiri ndi chiwiri.

"Anachedwa!" ndinakuwa. "Bambo anga anachedwa! America inachedwa! Tonse tinachedwa, ndipo tinachita bwino, chifukwa tikanafulumira bwenzi ine kulibe, mashopu asanu ndi awiri kulibe, ndipo Vermont yense bwenzi akuyendera matayala akutha! Tinachedwa, madala! Mwamva?"

A Murdo anaviika chiguduli m'ndowa, anachifinya, n'kuchigwira pamwamba pa 1917. Koma sanafufute. Anachiika pambali, n'kuyenda chotsimphina kukatsekula chitseko chonse mpaka chinagunda khoma. Kunjako anthu anali pamzere pa positi.

"Ndifufuta," anatero. "Koma choyamba imani apa mubwereze mokweza, a Bixby. Tsidya lino tadikira mawu amenewo zaka makumi asanu, ndipo nawonso mwachedwa nawo."